Biti imodzi inagulitsidwa kawiri: mmene tinayendetsera nkhani ya mnyamata wa ku Senga Bay

Ndili ndi kasitudiyo kuno ku Salima chakufupi ndi Kamuzu Road, ndimajambula nyimbo komanso zaka zapitazi ndakhala ndikuthandiza anyamata opanga mabiti, nyimbo zopanda mawu zimene oyimba amayimbirapo, pa nkhani za mapepala. Si ine loya, pamene zakula ndimakafunsa maloya. Izi ndikulembera anzanga a masitudiyo kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa amene tikugulitsa mabiti pa WhatsApp tsiku ndi tsiku, ndalama nkumalowa pa Airtel Money kapena Mpamba popanda cholembedwa chilichonse. Mayina sinditchula, eni ake anavomera kuti ndifotokoze bola asadziwike.

Mnyamatayu amakhala ku Senga Bay, amapanga mabiti pa laputopu ndi pulogalamu ya FL Studio ndipo khutu ali nalo labwino zedi, makamaka pa mabiti odekha okhala ndi gitala. Amawaika pa YouTube ndi pa status ali ndi tag yake, kamawu komuzindikiritsa komveka pakapita masekondi angapo, wina akakonda amamulembera. Anali ndi kafulaya ka mitengo, lease K40,000, exclusive K250,000. Kagulitsidwe aka anangoonera kwa anzathu akunja a pa BeatStars, webusaiti yogulitsirapo mabiti, mwini wake ankakamvetsa pang'ono pokha ndiye makasitomala ake ambiri sankadziwa n'komwe kusiyana kwake. Pa lease munthu amalipira kuti aloledwe kuyimbira pa biti koma biti imakhalabe ya amene anapanga, ndipo akhoza kuloleza anthu ena ambirimbiri pa biti yomweyo. Pa exclusive wopanga uja amasiya kugulitsa, wogulayo amakhala womaliza. Womaliza, osati woyamba kapena yekhayo, ndipo nkhani yonse inagona pamenepa.

Woyamba kugula anali mayi woyimba za uzimu wa ku Nkhotakota, amayimba ndi kagulu ka kwaya ya kutchalitchi kwawo. Anatumiza K40,000, anapatsidwa fayilo ya WAV ya bitiyo yopanda tag, anajambula nyimbo ku situdiyo ina ya kwawo komweko, kenako anasonkherana ndi anzawo nkujambula vidiyo kunyanja onse atavala yunifolomu. Nyimbo inayenda ndithu, pa wailesi ya m'dera inkamveka, pa maukwati ndi pa zinkhoswe inkavinidwa, pa YouTube anthu ankaonera pang'onopang'ono. Patapita miyezi ngati isanu mnyamata wathu analandira meseji kuchokera kwa Mmalawi wina woyimba amene amakhala ku Johannesburg, wamva biti yomweyo pa YouTube pamene inali ikadali, akufuna exclusive. Ndalama inabwera pa Mukuru yonse K250,000 pamodzi ndi kontirakiti ya masamba anayi ya mu Chingerezi. Mnyamata anapulinta, anasaina, anajambula pa foni nkubweza tsiku lomwelo. Za mayi a ku Nkhotakota sananene, ndipo nditamufunsa anati samaona ngati ndi nkhani chifukwa iwo aja anangotenga lease.

Chizindikiro choyamba chinaonekera kwa mayi aja. Wa ku Joni uja atatulutsa nyimbo yake anaidutsitsa kwa distributor, makampani aja amene amakuikira nyimbo pa Spotify, Apple Music, Boomplay ndi kwina, ndipo polemba fomu anachonga kabokosi koti nyimbo ilowe mu Content ID ya YouTube. Content ID ndi makina basi, amasunga kamvekedwe ka nyimbo yomwe yalembetsedwa nkumafanizira ndi vidiyo iliyonse, akapeza zofanana amaika claim, chizindikiro choti zimenezo zili ndi mwini wina. Samafunsa kuti anayamba ndani. Ndiye m'mawa wina mayi aja atsegula foni apeza uthenga woti vidiyo yawo ili ndi zinthu za mwini wina, dzina la munthu amene sanamumvepo. Iwo anamva ngati akunenedwa kuti aba nyimbo ndipo tchanelo chawo chitsekedwa. Anaimbira mnyamatayo, iye poopa sanayankhe, madzulo ake nkhani inali pa Facebook, a kwaya onse ali mu makomenti, mawu oti mbava akubwerezedwa.

Mnyamatayo anafika ku situdiyo mawa lake nkhope itagwa. "Madala zandivuta, achemwali aja a ku Nkhotakota akuti andipititsa ku polisi." Ndinamuuza kuti mphwanga khala pansi, foni ndi laputopu zibwere apa, usafufute kalikonse ndipo pa Facebook usayankhe ngakhale liwu limodzi. Ichi ndimachiika patsogolo nthawi zonse chifukwa munthu akachita mantha chimene amathamangira ndi kufufuta macheza, pamene machezawo ndi umboni womwe ungamupulumutse. Malamulo athu a Electronic Transactions and Cyber Security Act a 2016 amazindikira mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta, sikuti chifukwa ndi za pa WhatsApp ndiye kuti ndi zopanda ntchito.

Tinayamba ndi funso losavuta, biti ndi yakedi? Tinatsegula pulojekiti mu FL Studio, pa Project info pamaoneka tsiku limene pulojekiti inayambidwa ndi maola amene munthu wathera akuigwira. Tsiku linali la kale kuposa malonda onse awiri, matiraki onse ali padera padera, kick, snare, bass, piyano, ndi tiraki ina yolembedwa kuti "gitala take 3". Apa panalibe chokayikitsa. Pansi pa Copyright Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa ya 1989, umwini umayamba pomwe wapanga chinthucho nkuchisunga, sufunika kukalembetsa kaye kwinakwake kuti ukhale mwini, ndipo chitetezo chake chimakhala moyo wako wonse kuwonjezera zaka 50 utamwalira. Malawi alinso mu pangano la mayiko la Berne loteteza umwini wa zopekedwa ndiye chitetezocho chimafika ndi ku South Africa komwe.

Koma tiraki ya gitala ija inandiimitsa. Ndinafunsa kuti waimba ndani, akuti mnzake wina amene amaimba mu bandi m'malo ogona alendo ku Senga Bay konko, anabwera tsiku lina nkuika kamzere kaja kamene aliyense amakaimba ndi mluzu akamva nyimboyi, anamugulira nsima ya chambo ndi thiransipoti basi. Palibe pepala. Ndiye kuti gawo lomwe anthu amaikondera biti linapekedwa ndi munthu wina amene sanapereke chilolezo cholembedwa kwa aliyense. Tinapezanso ka loop (kachidutswa kobwerezabwereza) ka maseche kochokera mu sample pack (mtolo wa tizidutswa tokonzeratu) ya royalty-free, zimenezo ndi zololedwa kugwiritsa mu nyimbo koma si zako wekha, anthu ena masauzande ali nako komweko. Tinafufuzanso ngati munali kachidutswa ka nyimbo yakale ya munthu kapena nyimbo ya makolo, mwamwayi munalibe. Ndikutchula izi chifukwa anyamata ambiri amaganiza kuti nyimbo za chikhalidwe ndi za aliyense, pamene lamulo lomweli limati umwini wake uli m'manja mwa Boma m'malo mwa Amalawi ndipo kuchita nazo malonda kumafuna chilolezo.

Kenako macheza a mayi aja. Fulaya ya mitengo anawatumizira ndithu, ndipo ndalama imene analipira ikugwirizana ndi lease, meseji ya Airtel Money inalipo ndi tsiku lake. Mpaka apa mnyamata anali bwino. Koma pansi pake panali voisi noti ya masekondi 12 imene anatumiza ndalama itangolowa, tinaimvera kangapo tonse awiri, mawu ake osangalala akuti "zikomo kwambiri achemwali, biti ndi yanu tsopano, pangani nayo chilichonse." Iye ankatanthauza kuti yambani ntchito. Mayi amene sanamvepo za lease akamva mawu amenewa amva chani? Ine sindingawanene kuti analakwitsa kumva. Palibe pamene anauzidwa kuti biti ipitiriza kugulitsidwa, palibe malire a zaka kapena a mastream, palibe chilichonse. Kumbali ina voisi noti singasamutse umwini, lamulo limafuna kuti kugulitsa umwini kukhale kolembedwa ndi kusainidwa ndi mwini wake. Ndiye mayi anali ndi chilolezo chenicheni, choyamba, chopanda malire olembedwa, koma biti sinali yawo.

Pamene panandidetsa nkhawa kwambiri ndi pa kontirakiti ya wa ku Joni, ndipo apa ndichedwepo chifukwa ndi pamene ambiri tikugwera. Inali ya pa intaneti yongosintha mayina, mpaka ndime yomaliza inkati mikangano idzaweruzidwa ndi malamulo a New York, anthu awiri Amalawi wina ali ku Senga Bay wina ku Johannesburg. Izo ndi zazing'ono. Ndime ina inkati wogulitsa akutsimikiza kuti biti sinaperekedwepo kwa munthu wina aliyense m'njira iliyonse. Ina inkati biti yonse anapanga yekha ndipo palibe wina angadzanene kuti ali ndi gawo. Ina inkati zimenezi zikapezeka zabodza wogulitsa adzalipira zonse zimene wogula wataya kuphatikiza za maloya. Ndipo ina, imene mnyamata sanaione n'komwe, inkapereka umwini wonse kwa wogula, osati wa rekodi yokha koma ndi wa kapekedwe komwe. Anzanga, nyimbo iliyonse ili ndi maumwini awiri, pali kapekedwe, ndiye kuti mawu ndi mayimbidwe, pali rekodi yomwe yajambulidwa imene timati master. Wopanga biti amakhala mmodzi wa opeka, ndipo m'makontirakiti ambiri a exclusive amasungabe gawo lake pa kapekedwe, kawirikawiri theka, kuti nyimbo ikamaseweredwa pa wailesi naye azilandira. Uyu anapereka zonse pa K250,000 komanso anasainira zinthu ziwiri zosaona. Zinali ngati landilodi wagulitsa nyumba muli alendi nkulemba kuti ndi yopanda munthu.

Ndinatumiza masambawo kwa loya wina ku Lilongwe amene timathandizana, anandiuza mosapsatira kuti woopsa pa nkhaniyi si mayi amene akukuwa pa Facebook, ndi wa ku Joni amene sanayambe kuyankhula, chifukwa ndi amene ali ndi pepala losainidwa. Za polisi anati ndi nkhani ya pangano pakati pa anthu ndipo njira yabwino ndi kukambirana zisanafike kukhoti kumene ndalama zake zingapose mtengo wa biti kangapo.

Tisanaimbire aliyense ndinamuuza mnyamata kuti alembe pa pepala aliyense amene anakhudzapo biti imeneyi, angakhale amene anamupatsa ulere. Anakhala kaye chete kenako anati pali msuweni wake wa ku Khombedza anamutumizira ya tag kuti ayeserere, ndipo anaika kanyimbo kake pa Audiomack. Akanapanda kutuluka tsiku limenelo tikanakonza mapepala onse nkudzapezekanso tanama kachiwiri.

Njira zinalipo zitatu. Kubweza K250,000 yonse nkutenganso biti sikukanatheka, ndalama inali itapita kale ku sound card ndi fizi ya mlongo wake, komanso wa ku Joni anali atajambula kale vidiyo. Kubwezera mayi K40,000 kuti achotse nyimbo yawo ndinakana ine ndemwe ngakhale mnyamata ankaona ngati ndi yachidule, iwo ndi amene anayamba, analipira zimene anauzidwa, anawononga zambiri pa situdiyo ndi vidiyo kuposa mtengo wa biti, ndipo chilolezo chimene unapereka kale sichifa chifukwa wapeza kasitomala wa ndalama zambiri. Inatsala yachitatu, kuuza wa ku Joni chilungamo chonse ife tisanafunsidwe nkupempha kuti kontirakiti ikonzedwe.

Ndinaumirira kuti aimbe yekha mnyamatayo ine ndili pambali. Anayamba bwino, "achimwene ndakulakwirani, pali zimene sindinakuuzeni." Munthu uja anakwiya ndithu ndipo anali ndi chifukwa, anati akufuna ndalama yake yonse sabata yomweyo. Nditatenga foni sindinatsutse mkwiyo wake, ndinangomufotokozera chinthu chimodzi chimene samadziwa, chakuti YouTube imafuna kuti chimene walowetsa mu Content ID chikhale chako wekha, ndipo ma distributor ambiri amakaniratu nyimbo za pa biti imene ena ali nayo pa lease kapena yokhala ndi ma loop a mu sample pack. Kutanthauza kuti mayi aja akapanga dispute, kutsutsa claim ija, ndi umboni wawo wa tsiku lakale, amene ayambe kufunsidwa mafunso ndi distributor ndi iyeyo, mwina mpaka nyimbo kuchotsedwa. Sindinanene ngati kumuopseza, zinali zoona ndipo zinkamukhudza. Anati aganize kaye. Patapita masiku angapo anabwera yekha ndi maganizo akuti ngati ndalama palibe ampatse biti ina ya exclusive ulere ndi mixing ya nyimbo ziwiri. Apa ndi pamene nkhani inatembenukira.

Kwa mayi aja tinapita konko ku Nkhotakota, za pa foni zinali zitakwana. Tinakhala pakhonde pa nyumba ya mkulu wa kwaya amuna awo ali pomwepo. Chinthu choyamba ndinawaonetsa pa foni yawo yomwe kuti claim si strike, chilango chimene chingatseketse tchanelo, tchanelo sichikutsekedwa, vidiyo ikuonekabe, chomwe chasintha ndi chakuti ndalama za malonda a pa vidiyoyo zikulozedwa kwa wina. Anapumira m'mwamba. Kenako anafunsa funso limene ndinalibe nalo yankho lokoma, "nanga bambo, munthu akati chinthu ndi chanu ndiye kuti si chanu?" Mnyamata anapepesa, ndipo ndinaona kuti kupepesa kwa pamaso pa amuna awo ndi mkulu wa kwaya kunagwira ntchito kuposa pepala lililonse limene tinabweretsa. Ndinawapempha kuti asadine dispute kaye. Akanatha kutero ndipo mwina akanapambana, koma woika claim amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe, ndiye kunali kwachangu kuti mwini claim auze distributor wake aichotse yekha, komanso sitinafune kumuyambanitsa ndi distributor munthu amene wangovomera kumene kukambirana.

Mapepala tinalemba atatu, aafupi, loya uja anawaona asanasainidwe. La mayi tinalemba mu Chichewa ndi mu Chingerezi, likunena kuti ali ndi chilolezo chosatha pa nyimbo yawo imodziyo kuyambira tsiku limene analipira, akhoza kuigulitsa, kuiyimba pa siteji, kuiika pa wailesi ndi pa intaneti popanda malire, koma sangagulitse biti payokha, sangayimbirepo nyimbo ina ndipo sangailowetse mu Content ID. Rekodi ndi yawo, pa kapekedwe agawana theka ndi theka ndi mbali ya opanga biti. La wa ku Joni linali chowonjezera pa kontirakiti ija, likutchula chilolezo cha mayi ndi tsiku lake, likuvomereza za woimba gitala ndi loop, likuchotsa nyimbo mu Content ID, likusintha New York kukhala Malawi. Gawo la kapekedwe ndinayesetsa kuti mnyamata abwezeredwe theka koma munthu uja anakana, anavomera 25 peresenti yokha, ndipo ndinamuuza mnyamata kuti alandire chifukwa amene wasainira zabodza sakhala ndi mphamvu zambiri pokambirana. Lachitatu linali la woimba gitala. Tinampatsa kusankha, ndalama kamodzi kapena gawo, anasankha gawo, limodzi mwa magawo asanu a zimene mnyamata azilandira pa biti imeneyi. Msuweni anangochotsa kanyimbo kake popanda vuto.

Magawo olembedwa pa pepala sabweretsa ndalama okha, ndiye tinamutumiza ku COSOMA, Copyright Society of Malawi, ku Lilongwe kukalembetsa umembala ndi kulembetsa nyimbo zonse ziwiri ndi magawo ake. Bungweli lakhalapo kuyambira 1992, ndi limene limatolera ndalama kwa mawailesi ndi malo ena osewera nyimbo nkugawira eni ake, komanso pali ndalama za blank media levy, zotoleredwa pa zipangizo zosungira nyimbo. Opanga mabiti ambiri kuno amaganiza kuti COSOMA ndi ya oyimba okha, nyimbo zawo zikuseweredwa zaka ndi zaka dzina lawo kulibe pa fomu iliyonse. Woimba gitala naye tinamulimbikitsa zomwezo.

Claim inachoka patapita milungu ngati itatu. Ndalama za nthawi imene claim inalipo mayi sanazipeze, zinali zochepa koma zinawawawa ndipo ndikuwamvetsa. Positi ya pa Facebook anaichotsa nkulemba ina yaifupi yoti nkhani yatha mwamtendere, koma anthu amene anaona yoyamba ndi ambiri kuposa amene anaona yachiwiri, ndipo kwa miyezi ingapo makasitomala a za uzimu a ku Nkhotakota anamuthawa mnyamatayo. Mayi aja sanagulenso kwa iye, nyimbo yawo yotsatira anapangitsa kwina. Wa ku Joni analandira biti yake yachiwiri ndipo pambuyo pake anadzagulanso ina yachitatu ndi ndalama, nthawi imeneyi kontirakiti inachokera kuno.

Panopa mnyamatayu ali ndi kope la hadikava, tsamba lililonse biti imodzi, pamwamba dzina ndi tsiku, pansi pake amene anaimbamo chida, ma loop amene alimo ndi kumene anachokera, kenako mzere uliwonse munthu amene watenga, tsiku, ndalama, nambala ya thiranzakishoni ndi mtundu wa chilolezo. Wofuna exclusive amatumiziridwa chithunzi cha tsambalo asanalipire kuti aone amene ali nayo kale, ena amabwerera ena amapitiriza pa mtengo wotsikirapo. Wofuna lease amalandira kaye meseji ya mizere isanu mu Chichewa yonena zimene akuloledwa, zimene sakuloledwa, kuti biti igulitsidwabe kwa ena, kuti Content ID ayi, ndi gawo la kapekedwe, ndipo amayenera kuyankha kuti ndavomera ndi dzina lake lonse asanapatsidwe nambala yotumizira ndalama. Biti ikapita pa exclusive amaichotsa pa YouTube tsiku lomwelo. Anatsegulanso nambala yapadera ya bizinesi kuti ndalama za mabiti zisamasakanikirane ndi za kunyumba, analembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General ndi kutenga TPIN ku MRA chifukwa kampani ina inafuna kanyimbo ka malonda ndipo sikanamulipira popanda invoisi. Mitengo ya akunja amaitchula mu dola kapena randi kuyambira pamene anaona mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023.

Chomwe sichinathe ndi mabiti akale. Titabwerera m'macheza ake onse tinapeza ena asanu ndi limodzi amene anaperekedwa pa lease ndi mawu ofanana ndi a voisi noti ija, ndipo awiri mwa iwo ali kwa anthu oposa mmodzi. Onse tinawachotsa pa mndandanda wa exclusive, ndipo akulembera ogulawo mmodzimmodzi kuti asainirane pepala ngati la mayi aja. Mpaka pano anayi asaina, wina wa ku Dwangwa akukana akuti iye anagula basi ndipo tikukambirana naye, wina nambala yake siikupezekanso.